Kuyenda ndawala chifukwa cha odwala matenda amgonagona: zingatheke bwanji kuno ku Nsanje?

Amayi, mawu oti ndawala si achilendo kwa inu. Denga la sukulu likasasuka ndi mphepo, kapena kwaya ikafuna zoimbira zatsopano, anthu amatenga mbale ndi zitini n'kuyenda kuchokera pamsika mpaka patchalitchi, akuimba ndi kupempha thandizo. Ena mumautcha ulendo wotere kuti big walk. Ulendo umene tikambirane pano ndi mbale wake wa umenewo, kungoti ndi wautali, wa masiku angapo, wolunjika kumalo a mapemphero, ndipo ndalama zake zimapita kwa anthu amene achipatala anena kuti matenda awo sadzachira. M'maiko ena akhristu amayenda maulendo otere chaka ndi chaka pothandiza nyumba zosamaliramo odwala zotchedwa hospice. Tiyeni tione kumene mwambowu unachokera, ntchito imene ndalamazo zimagwira, ndi zimene bungwe la amayi m'parishi ya m'chigwa chino liyenera kudziwa lisanaponde msewu.

Njira ya ku Santiago

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Spain kuli mzinda wa Santiago de Compostela, kumene akhristu amalemekeza manda a Yakobo Woyera, mtumwi uja anali mbale wake wa Yohane. Anthu akhala akupita kumeneko wapansi kwa zaka zoposa 1,000. Njira yotchuka kwambiri imayambira pa tauni ya Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France, ndipo ndi yotalika pafupifupi makilomita 800. Munthu woyenda makilomita 25 patsiku amatha mwezi wathunthu ndi masiku pang'ono ali pamsewu. Woyenda aliyense amatenga kabuku kamene amadindamo chidindo paliponse pamene wagona kapena wapemphera, ndipo akafika amalandira chikalata chotchedwa Compostela ngati wayenda makilomita osachepera 100 omaliza. M'chaka cha 2023 chokha anthu oposa 400,000 analandira chikalatachi. Kabuku ka zidindo kameneka mukakumbukire, tidzakafuna kutsogoloku.

Kalelo ulendowu unali woopsa. Anthu ankadwala m'njira, ena ankaberedwa, ena ankafera m'mapiri. Choncho ansembe, amonke ndi akhristu wamba anamanga nyumba m'mbali mwa msewu zolandiriramo apaulendo. Pa Roncesvalles, pamene njira imadutsa mapiri a Pyrenees, panamangidwa nyumba yotere m'zaka za m'ma 1100. Munthu wina woyera, Domingo de la Calzada, amene anamwalira mu 1109, anatha moyo wake akulambula msewu, kumanga mlatho ndi kusamalira apaulendo odwala. M'nyumba zimenezi wanjala ankadya, wa zilonda kumapazi ankatsukidwa, ndipo amene mphamvu zamuthera ankagona pamphasa yoyera mpaka kutsirizika ali pakati pa anthu. Mawu oti hospice anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza mlendo ndi womulandira. Ndiye mukamva kuti wina akuyenda njira ya ku Santiago kuti athandize hospice, dziwani kuti zinthu ziwirizi zinabadwira pamodzi.

Chimene chingakukondweretseni inu amayi n'chakuti amene anatenga dzinali n'kulipereka ku ntchito yosamalira odwala mwakayakaya anali mayi wamasiye. Jeanne Garnier wa mumzinda wa Lyon ku France anataya mwamuna wake ndi ana ake awiri ali ndi zaka za m'ma 20. Mu 1842 anasonkhanitsa amasiye anzake n'kuyambitsa gulu la Dames du Calvaire, kutanthauza amayi a pa Kalvare, ndipo ankatola amayi a zilonda za khansa amene zipatala zinali zitawabweza. Sanali asisiteri ndipo sanali madokotala. Ku Dublin asisiteri anatsegula Our Lady's Hospice mu 1879. Kenako mu 1967 Cicely Saunders, amene anaphunzira unamwino kenako udokotala, anatsegula St Christopher's Hospice ku London, ndipo iye ndiye anaphunzitsa dziko lonse kuti ululu wa munthu wodwala mwakayakaya ungathe kugonjetsedwa ngati mankhwala aperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa.

Ku Britain boma limangopereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zoyendetsera nyumbazi. Zotsalazo amasonkha ndi anthu, ndipo n'chifukwa chake mumapeza nkhalamba ndi achinyamata, makamaka amene mbale wawo anatsirizikira mu hospice, akumanga nsapato kupita ku Santiago atalemba mayina a anthu olonjeza ndalama pa kilomita iliyonse.

Kuno ku Africa kuyenda wapansi kupita kumalo oyera tikukudziwa. Chaka chilichonse pa 3 Juni akhristu amasonkhana ku Namugongo m'dziko la Uganda, pamene Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa mu 1886, ndipo ambiri amayenda milungu ingapo kuchokera kumadera akutali a dzikolo, ena kuchokera ku Kenya ndi ku Tanzania. Ku Blantyre akhristu amakwera phiri la Michiru potsata Njira ya Mtanda. Chimene sitinazolowere ndi kulumikiza ulendo wotere ndi thumba la odwala.

Chisamaliro chake n'chotani?

Hospice yoyamba mu Africa inali Island Hospice ya ku Harare, imene inayamba mu 1979. Mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, ndipo anabweretsa njira yotsika mtengo yosungunula ufa wa mofini m'madzi kuti wodwala azimwera kunyumba. Kuno kwathu, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli Tiyanjane wosamalira akuluakulu ndi Umodzi wosamalira ana. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linayamba mu 2005. Ku Salima namwino wa Chimalawi, mayi Lucy Finch, anatsegula Ndi Moyo mu 2007. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake ya chisamalirochi mu 2014, ndipo lero zipatala zazikulu za m'maboma ndi zambiri za mishoni zili ndi anamwino ndi madokotala amene anachiphunzira. Achipatala amachitcha palliative care. Ife tingati ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a munthu amene matenda ake sachizika.

Odwala ake mukuwadziwa, chifukwa ndinu amene mumawayendera pamphakati. Ndi mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene akutaya magazi ndi madzi onunkha, moti anasiya kubwera ku Misa chifukwa cha manyazi. Ndi bambo wa khansa ya kummero amene ngakhale phala likukana kutsika. Ndi mnyamata wa khansa ya pakhungu ija ya Kaposi, miyendo yake yatupa ngati mitondo. Ndi agogo amene anafa ziwalo mbali imodzi, mwana wobadwa ndi matenda osachizika, ndi wodwala mtima kapena impso amene mimba yadzaza madzi. Ambiri a iwo anauzidwa kuti abwerere kunyumba, ndipo abale anamva ngati auzidwa kuti palibenso chochita.

Chochita chilipo, ndipo n'chambiri. Cicely Saunders ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere uli ndi mizu ingapo. Thupi limawawa. Mtima umada nkhawa kuti ana atsala ndi yani. Pakhomo chuma chatha, mbuzi zinagulitsidwa, dimba lagonera. Ndipo mzimu umafunsa ngati Mulungu wamutaya, kapena ngati wina anamulodza. Namwino akachiza muzu umodzi n'kusiya inayo, wodwala sagona. N'chifukwa chake ntchitoyi amagwirira limodzi achipatala, abale, ansembe ndi anthu ngati inu.

Tiimepo pang'ono pa nkhani ya mofini, poti apa ndi pamene pagona mantha a anthu ambiri. Achipatala amayamba ndi mankhwala ofooka monga panado. Akakanika amakwera pa amphamvu pang'ono, ndipo ululu ukakula amapereka mofini. Mofini wamadzi amamwedwa pa maola anayi aliwonse, usana ndi usiku, pa mlingo umene dokotala kapena namwino walemba, kaya wodwala akumva kuwawa panthawiyo kaya sakumva. Cholinga chake n'chakuti ululu usapeze mpata wobwerera. Masiku oyamba wodwala angathe kuwodzera kapena kuchita nseru, koma izi kawirikawiri zimatha. Vuto limene silitha lokha ndi kudzimbidwa, choncho wodwala amafunikanso mankhwala ofewetsa m'mimba. Mukaona wina walandira mofini popanda mankhwala amenewa, mukumbutseni womusamalira kuti akafunse.

M'midzi mwathu mumamveka kuti mofini ndi mankhwala otsanzikira, kuti akangokupatsa ndiye kuti akufuna ufe msanga. Maganizo amenewa amabwera chifukwa odwala ambiri amafika kuchipatala mochedwa, n'kulandira mofini kutatsala masiku ochepa, ndiye abale amaloza botolo m'malo moloza matenda. Zoona zake n'zakuti munthu angathe kumwa mofini miyezi yambiri, ululu n'kuchepa mpaka kuyambanso kudya, kukhala pakhonde, ngakhale kusenda mtedza. Ena amaopanso kuti mwina Mpingo suloleza. Papa Pius XII anayankha funso limeneli kalekale mu 1957 polankhula ndi madokotala: kupereka mankhwala oletsa ululu kwa wodwala mwakayakaya n'kololedwa, malinga cholinga chikhale kuchepetsa ululu. Katekisimu wa Mpingo amaika chisamalirochi pakati pa ntchito zapamwamba za chikondi. Chimene Mpingo umakana ndi kufupikitsa dala moyo wa munthu, ndipo chisamaliro ichi sichichita zimenezo. Kupirira ndi ukoma ndithu, koma palibe lamulo la Mulungu lokakamiza mayi wa khansa kulira usiku wonse pamene mankhwala ali m'kabati ku chipatala.

Pali zinanso zing'onozing'ono zimene zimasintha moyo wa wodwala. Kumutembenuza pa maola awiri aliwonse kumaletsa zilonda za pamphasa. Chilonda chonunkha amachitsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndipo anamwino amadziwa kupera mapiritsi a metronidazole n'kuwaza pachilondapo kuti fungo lithe. Fungo likatha, alendo amabwereranso m'nyumba, ndipo wodwala amasiya kudzibisa.

Pano ndiike mawu apambali, poti ndikulankhula ndi amayi. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa yopeweka. Kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa, amagwiritsa ntchito viniga, ndipo akapeza zizindikiro zoyamba amatha kuthandiza tsiku lomwelo. Katemera wa HPV wa atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Gulu limene likuyenda ndawala chifukwa cha odwala khansa, mamembala ake asanayezetse, likhala ngati munthu wozimitsa moto kwa mnzake pamene tsindwi lake likufuka.

Vuto la Nsanje ndi mtunda

Ku zipatala za boma mankhwala salipiritsa. Nanga ndalama za ndawala n'zachiyani? Yankho lili m'mapu a boma lathu. Kuchokera pa boma la Nsanje kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 170, ndipo kumeneko n'kumene wodwala khansa amatumizidwa kuti akamuyeze bwinobwino ndi kulandira mankhwala. Sapita yekha, amafunika womudikirira, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, ndipo si ulendo umodzi. Wa kwa Ndamera kapena ku Marka ayambe wapeza kabaza. Wa kwa Nyachikadza ayambe wapeza bwato. Wa ku Makhanga ndi ku Muona, chidukireni njira ya pa Chiromo mu 1997, amawoloka pa Mtayamoyo kapena kuzungulira msewu wautali wa kutsidya mpaka pa Thabwa. Munthu woti akakhala pansi akumva ngati wakhalira makala, mumukweze pa kabaza makilomita 20 kuti akatenge botolo la mankhwala, mwezi wotsatira abwerezenso. Ambiri amangosiya.

Onjezerani madzi osefukira. Mu 2015, mu 2019, kenako namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja anathawira m'misasa, ndipo mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zinapita ndi madzi. Pothawa madzi, wodwala wosayenda ndiye amavuta kunyamula, ndipo mumsasa ndiye amaiwalika msanga.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Gulu likamva mawu oti hospice, limathamangira kuganiza zoumba njerwa. Nyumba imaoneka, imadalitsidwa, imalembedwa dzina. Koma nyumba ya odwala imafuna anamwino a usana ndi usiku, chakudya, madzi, magetsi ndi malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo ndawala imodzi singakwanitse zimenezo. Komanso odwala athu ambiri amafuna kukhala kwawo, pafupi ndi ana ndi adzukulu. Zipatala tili nazo kale: chachikulu cha boma pa Nsanje, Trinity ku Muona, Kalemba ku Bangula, ndi St Montfort ku Nchalo. Chosowa ndi mlatho pakati pa zipatalazi ndi mphasa ya wodwala. Ndalama za ndawala zikhale mlatho umenewo: mafuta a njinga yamoto ya namwino wokayendera odwala kumudzi, thiransipoti ya wodwala ndi womudikirira, njinga zakapalasa za anthu odzipereka, sopo, magolovesi, mapepala a pulasitiki oyala pogona, nsalu zosinthira, ndowa, ufa wa phala ndi shuga. Ku zipatala za mishoni kumene kumakhala kolipira, thumba lingathe kulipirira amene alibiretu. Mofini yekha musagule, ndipo wina akakutsatsani pamsika mukane. Ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, amatuluka kudzera kuchipatala basi.

Njira, nyengo ndi thupi

Simufunika kupita ku Spain. Msewu wa M1 wadutsa m'dayosizi yathu ngati msana. Kuchokera pa boma la Nsanje kudzera kwa Tengani ndi pa Phokera kukafika ku Bangula ndi pafupifupi makilomita 50, ulendo wa masiku atatu kwa amayi oyenda mosathamanga. Ofuna wautali angathe kupitirira pa Sorgin, Ngabu, Nchalo ndi Bereu mpaka ku tchalitchi cha katedralo ku Chikwawa, ndipo pamenepo konzekerani sabata yathunthu kapena kuposerapo. A kutsidya angathe kulunjika ku Fatima ku Muona, kumene dzina lenilenilo likukumbutsa za Amayi Maria. Kwa gulu loyamba kumene, ine ndingasankhe wa masiku atatu. Kuli bwino kumaliza ulendo waufupi anthu akuimba kusiyana ndi kuthera pa Ngabu theka la gulu lili m'galimoto.

Pa nyengo palibe zokambirana. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo phula limawotcha ngakhale uli ndi nsapato. Tsiku lokumbukira chisamaliro chimenechi padziko lonse limakhala Loweruka lachiwiri la Okutobala, koma limenelo likhale la Misa ndi kupereka lipoti, osati loyenda. Tsiku la odwala la pa 11 Febuluwale, limene anakhazikitsa Papa John Paul II, limagwa pakati pa dzinja, mitsinje itadzaza. Miyezi yabwino ndi Juni ndi Julaye: kwazizira, njira zauma, mapira ali m'nkhokwe, thonje lagulitsidwa, ndipo anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Chikondwerero cha Yakobo Woyera chimakhala pa 25 Julaye, ngati mukufuna tsiku lofikira lokhala ndi tanthauzo.

Ngakhale m'miyezi yozizira, nyamukani m'bandakucha, kuti pofika 10 koloko mukhale mutapuma pamthunzi. Makilomita 15 mpaka 18 patsiku ndi okwanira. Muziyenda kudzanja lamanja la msewu, moyang'anana ndi magalimoto akubwera, awiriawiri kapena mondondozana, wakutsogolo ndi wakumbuyo atanyamula nsalu yowala, ndipo ngati kudakali mdima akhale ndi tochi. Cha ku Nchalo samalani ndi magalimoto akuluakulu a nzimbe. Lemberani kalata bwanamkubwa ndi apolisi nthawi ikadalipo, ndipo mafumu a m'njira amve kwa inu, asamve kwa ana. Ngati njira yanu ili ndi powoloka, musadzaze bwato chifukwa chofuna kufikira limodzi. Shire ali ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo sadziwa kuti muli pa ulendo woyera.

Amayi a kuno kuyenda anazolowera, kudimba, kuchigayo, kumaliro. Koma kuyenda masiku otsatizana pa phula n'kwina. Yambani kuyeserera mwezi umodzi kapena iwiri ulendo usanafike. Nsapato zikhale zakale zimene phazi linazolowera, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Pakani mafuta pakati pa zala, valani masokosi ouma, ndipo thuza likatuluka musalisende khungu. Madzi imwani musanamve ludzu, ndipo akhale othira klorini kapena owiritsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Tengani mapaketi a Thanzi ORS ndi maneti a udzudzu, poti mudzagona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi atenge okwanira masiku onse ndipo ayambe aonana ndi achipatala. Mayi woyembekezera, wodwala mtima, ndi amene wangochira kumene malungo asayende, ngakhale atalimbikira chotani. Pakhale namwino kapena mlangizi wa zaumoyo mmodzi pagulu, ndi galimoto kapena njinga yamoto yotsatira pambuyo. Munthu akayamba chizungulire, mutu waukulu, kulankhula zosokonekera kapena kusiya kutuluka thukuta, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Ulendowu ukhalebe wa mapemphero. Pemphani bambo mfumu akudalitseni ponyamuka. Gawani zinsinsi za kolona m'njira, ndipo pa nthambi iliyonse imene mwaima, pitani ndi akatekisiti kukaona wodwala mmodzi kapena awiri amene avomera. Funsani ngati akufuna wansembe. Anthu ambiri amaopa sakramenti la kudzoza odwala monga amaopera mofini, poganiza kuti ndi chizindikiro cha imfa, chonsecho ndi sakramenti lolimbitsa wodwala ndipo angathe kulilandira kangapo.

Ndalama

Apa ndi pamene magulu ambiri abwino amagwera. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tiyerekeze kuti amayi 30 ayenda makilomita 50, ndipo aliyense wapeza anthu 20 olonjeza K20 pa kilomita. Wolonjeza aliyense apereka K1,000, mayi aliyense abweretsa K20,000, ndipo gulu lonse lipeza K600,000. Akapezeka ena olonjeza K100 pa kilomita, monga ana anu a m'tauni ndi a ku Joni, aliyense wa iwo apereka K5,000. Ichi n'chitsanzo chabe, ndipo dziwani kuti lonjezo si ndalama. Ena adzazemba. Njira yabwino ndi kulandira theka musananyamuke. Amene alibe ndalama apereke mapira, nyemba, nkhuku kapena sopo, ndipo zilembedwe m'buku mofanana ndi ndalama.

Kabuku ka zidindo kaja kabwere apa. Mayi aliyense akhale ndi khadi lake, ndipo pa parishi, pa nthambi, pa sukulu kapena kwa mfumu pamene mwafika, adindepo kapena asainepo ndi kulemba tsiku. Pobwerera, khadilo ndi umboni kwa wolonjeza kuti makilomita aja anayendedwadi.

Tsopano chenjezo. Walira mvula walira matope: ndawala nayo imadya ndalama. Mukasokeretsa malaya ndi zitenje zapadera, kubwereka zokuzira mawu, kuphikira alendo olemekezeka ndi kupatsana ndalama za m'thumba, mudzapeza kuti pa K600,000 paja patsala zogulira sopo basi. Yunifolomu ya bungwe muli nayo kale. Chakudya cha m'njira chichokere m'nkhokwe zanu ndi kwa akhristu a nthambi zimene mukudutsa. Gwirizanani musananyamuke kuti ndalama ya wodwala sigula chakudya cha woyenda, ndipo zilembedwe m'maminitsi.

Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu, ngakhale akhale msungichuma wokhulupirika chotani, chifukwa maliro ndi matenda zimagwa pakhomo lililonse ndipo chiyeso chimakula. Zikhale ku akaunti ya parishi kapena ya bungwe yosainira anthu atatu. Ngati mukulandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ikhale imodzi, yolengezedwa m'tchalitchi, ndipo mauthenga ake asafufutidwe. Zitini za m'njira zikhale zomata, zitsegulidwe madzulo pamaso pa anthu osachepera atatu, ndipo chiwerengero chilengezedwe kwa onse asanagone. Ndalama za bungwe zimakhalanso ndi chizolowezi chobwerekedwa: lero zathandiza pa chikondwerero, mawa pa ulendo wa kwaya. Thumba ili likhale ndi dzina lake ndi buku lakelake. Posankha odwala oti athandizidwe, mverani namwino amene akuwadziwa, ndipo musafunse kuti amapemphera kuti. Wa mpingo wina, Msilamu ndi wosapemphera onse ululu umawapweteka chimodzimodzi, ndipo amene adzaponye ndalama m'chitini pamsewu si Akatolika okha.

Amene satha kuyenda

Mu 2020 ku England, Captain Tom Moore, bambo wa zaka 99, anayenda ndi chogwirira mozungulira pabwalo la nyumba yake maulendo 100, ndipo anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 30 miliyoni zothandizira achipatala. Agogo a m'bungwe lanu angathe kuzungulira tchalitchi kakhumi, adzukulu n'kulonjeza pa kuzungulira kulikonse. Ena aphike thobwa pamalo opumira, ena atsale ndi ana a amene apita. Ndipo ena, amene ntchito yawo ndi yaikulu kuposa ya oyenda, akagone kwa wodwala usiku umodzi kuti womudikirira apumeko. Kawirikawiri womudikirirayo amakhala mtsikana amene wasiya sukulu kapena mayi wokalamba amene sanagone tulo tabwino kwa miyezi.

Samalaninso ulemu wa odwala. Masiku ano foni ili m'manja mwa aliyense, ndipo chithunzi cha chilonda chimakopa ndalama msanga pa WhatsApp ndi pa Facebook. Musajambule munthu popanda chilolezo chake, musatchule dzina lake kapena matenda ake pa guwa, ndipo musamuuze kuti achira pamene achipatala anena zina. Ngati akufuna kulankhula za imfa yake, za ana, za munda kapena za mbale amene anayambana naye, khalani pansi mumvetsere.

Musanasankhe tsiku, tumani amayi awiri kapena atatu, pamodzi ndi wa komiti ya zaumoyo ya parishi, kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Akafunse amene amayang'anira chisamaliro chochepetsa ululu, tsiku limene amaona odwala, chiwerengero cha odwala a m'dera lanu amene ali m'buku lake, ndi angati mwa iwo anasiya kubwera chifukwa cha mtunda. Akafunsenso ngati angaphunzitse amayi anu kasamalidwe ka wodwala kunyumba. Mayankho amenewo muwatengere kwa bambo mfumu ndi ku ofesi ya zaumoyo ya dayosizi, ndipo ndi amene adzakuuzeni kuti mukufunika ndalama zingati, ndi makilomita angati.